Galimoto ya ku China pa msewu wa ku Insaca

Galimoto ya ku China tiiyeze ndi matope a msewu wa Cuamba mpaka Insaca nthawi ya dzinja, penti wonyezimira asatinamize. Njinga zamoto za ku China zinakhoza kale mayeso amenewa. Zimasenza chimanga ndi nsomba za ku Chilwa mpaka ku Entre Lagos, ndipo tcheni chikaduka, makaniko wa pansi pa mtengo ali nacho china. Kwa ife, galimoto monga Chery kapena Haval sizinafike pamenepo. Toyota yakale yochokera ku Japan, ngakhale itatheratu, masipeyala ake mumawapeza ku Cuamba komweko. Ya ku China ikafa, mwina mudikira ochokera ku Nampula kapena Maputo, matumba a mpunga ali mbwee pakhonde, ogula atapita kwina.