Mwini filimu akakhululuka, wamasiye amufunsa ndani?

Aliyense amene anakhalapo pa benchi m'nyumba yoonetsera mavidiyo akuidziwa mphindi imeneyi. Mwini filimu wamugwetsa mdani wake, mfuti ili pamphumi, oonera akukuwa kuti amumalize. Mwadzidzidzi iye atsitsa mkono n'kuyamba kumulankhula mofatsa, kuti akudziwa chimene chinamuwawa ali mwana, kuti nayenso anadutsa momwemo. Chigawenga chija chigwetsa misozi, n'kusanduka munthu. Ena amaomba m'manja. Ena amadzuka akung'ung'udza kuti limeneli ndi bodza la mkunkhuniza.

Ong'ung'udzawo ali ndi mboni zakale. M'nthano za pamoto madzulo, Fisi sasintha. Akapulumutsidwa m'mbuna amafuna kudya yemwe wamupulumutsayo, ndipo Kalulu samunyengerera, amangomubwezera m'mbunamo. Agogo ankaphunzitsa ana kuti mtima wa chilombo uziudziwa msanga. Nawo mafilimu otchuka amazemba pofika povuta. Mu Return of the Jedi ya 1983, Luke Skywalker akana kupha bambo ake Darth Vader, bamboyo atembenuka mtima, koma patangopita mphindi zochepa amwalira. Wolemba wamuthawitsa. Vader sadzaonana ndi abale a anthu amene anawapha, sadzakhala pa bwalo la milandu, sadzapempha moto kwa mnansi.

Ku Tsangano ndi ku Macanga, m'dziko la Mozambique, anthu sanapatsidwe mwayi wotere. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, omwe ambiri ankangowatchula kuti a Matsanga, inayamba mu 1977 n'kupha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. M'zaka za m'ma 1980 midzi ya m'malire inatsala mabwinja, eni ake atawolokera ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Mwanza, mpaka Malawi anasunga othawa nkhondo oposa miliyoni. Pa 4 October 1992 Joaquim Chissano wa boma ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina pangano la mtendere ku Rome, ndipo mwezi womwewo nyumba ya malamulo inakhululukira milandu yonse ya pa nkhondo, ya mbali zonse ziwiri. Kunalibe bungwe lofufuza zoona ngati lomwe South Africa inadzakhazikitsa. Asilikali oposa 90,000 anatula zida n'kubwerera kwawo. Amene anatentha nkhokwe anadzalima kachewere m'dimba loyandikana ndi la mwini nkhokweyo, ndipo onse awiri ananyamula matumba awo kupita nawo msika umodzi.

Apa ndi pamene okhulupirira chifundo cha mwini filimu amapeza poponda. Ambiri mwa amene anachita zoopsa anagwidwa mokakamizidwa, ena ali ana. Mu 1988 anyamata 39 omwe anali m'magulu a Renamo anasungidwa pa malo a Lhanguene mu mzinda wa Maputo, ndipo katswiri wa za maganizo Neil Boothby ndi anzake anatsatira moyo wawo kwa zaka 16. Anapeza kuti ambiri anakula n'kukhala amuna apabanja odalirika, osamala ana awo, ngakhale kuti zimene anaona sizinawachoke m'mutu. Choncho munthu amene anapha akhoza kusintha, ndipo nkhani yonena zimenezi sikunama.

Koma anawasintha ndani? Panalibe ngwazi imodzi ya mawu okoma. Alcinda Honwana, yemwe anafufuza za ana omenya nkhondo ku Mozambique ndi ku Angola, anafotokoza mmene mabanja ankalandirira ana otere: zovala za kunkhondo ankaziotcha, sing'anga ankamusambitsa mwanayo mankhwala, makolo ankadziwitsa mizimu kuti mwana wabwera, ndipo pokhapo ankadya ndi anzake. Nthawi zambiri samafunsidwa n'komwe zimene anachita, poopa kuitanira zoipazo pakhomo. Pambuyo pake pankabwera khasu, ukwati, maliro oti akumbe nawo manda. Inali ntchito ya mudzi wonse, ya zaka zambiri, ndipo munthuyo ankayenera kuonetsa tsiku ndi tsiku kuti nkhondo yamuchoka.

Chinthu chimodzi chimavutitsabe mtima pa njira imeneyi, ndipo ndi chomwechonso chimene chimasowa m'mafilimu. Wolakwa akalandiridwa mwakachetechete, wolakwiridwa amauzidwa kuti akhale chete. Ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, wofufuza Victor Igreja analemba za mizimu yotchedwa magamba, ya asilikali amene anafa pa nkhondo, yomwe inayamba kugwira anthu, makamaka amayi, nkhondo itatha. Mzimuwo unkaulula pagulu zimene zinachitika, n'kulamula kuti olakwa avomere ndi kulipa. Zimene lamulo la 1992 linakwirira zinatulukira pakamwa pa wodwala. Kaya munthu amakhulupirira mizimu kaya ayi, uthenga wake ngwomveka: olakwiridwa anali asanamalize kulankhula.

Ndipo mtenderewo unang'aluka. Kuyambira mu 2015 mfuti zinaliranso m'madera a Tsangano ndi Moatize, anthu masauzande anathawira m'mudzi wa Kapise ku Mwanza, kenako ena anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno. Ambiri a iwo ankanena kuti amene anawotcha nyumba zawo anali asilikali a boma, powaganizira kuti akudyetsa a Renamo, ngakhale boma linakana. Mu 2019 kunabwera lamulo lina lokhululuka, ndipo pa 6 August Filipe Nyusi wa boma ndi Ossufo Momade wa Renamo anasainanso pangano ku Maputo. Akuluakulu anakumbatirana. Mwini nyumba yopsa sanafunsidwe.

Pobwerera ku nkhani zopeka, mlandu suli pa chifundo cha ngwazi. Kuti mwini filimu amvetse chimene chinapotoza mdani wake, n'kukana kumupha, n'zomveka ndipo n'zolemekezeka, pakuti mabanja ambiri a m'malire anachita zoposa pamenepo opanda womuombera m'manja. Bodza limayamba pamene ngwazi ikhululuka m'malo mwa anthu amene sinawafunse, ngati kuti magazi a abale a eni ndi ake kuti awafafanize. Pa bwalo la amfumu, mkhalapakati sangalandire chipepeso cha mbuzi yomwe sinabedwe m'khola mwake.

Wolemba wa ku Furancungo ku Macanga kapena ku Ntcheu amene angafune kulemba nkhani yotere ali ndi zipangizo zimene Hollywood ilibe. Asamuphe wolapayo m'mutu womaliza. Amusiye akhale ndi moyo, akalambe m'mudzi momwemo, apite kukapepesa kwa mayi wamasiye, ndipo mayiyo apatsidwe ufulu wokana, ngakhale kachiwiri, popanda wolemba kumuonetsa ngati wouma mtima.