PA MSEWU NDI PA GARAJI: Lole Ikamalira Monga Nkhumba

Sabata yatha ndinagona kwa abale anga kufupi ndi cipata ca Mwami, pa malire a dziko lathu ndi Malawi. M'mawa kutangoca, malole amene anagona pa mzere anayamba kuliza injini zao, ndipo pakati pa mkokomo wolemerawo panamveka lole ina ikulira mokweza, tswiiii, monga nkhumba imene aigwira miyendo. Kulirako kunakhala kanthawi, kunaleka, koma dalaivala atangoponda mafuta kunayambanso.

Ndinapita kukaona. Ndinapeza mnyamata wothandiza dalaivala ali ndi cidutswa ca sopo m'manja, afuna kupaka pa lamba wa fani injini ili kuyenda. “Mwana wanga, taima,” ndinatero, “zala zimenezo udzazifuna mawa.” Dalaivala, bambo wa imvi ndithu amene ananyamula feteleza wopita ku Lusaka, anandiyankha mwaulemu kuti: “Acikulire, imalira tere m'mawa uli wonse. Tikapaka sopo ikhala cete mpaka ku Petauke.”

Mau amenewa ndiwo andipatsa nkhani ya lero, pakuti ndawamva kwa madalaivala ambiri. Sopo atseka pakamwa pa lamba, koma cimene cikumliza citsala momwemo. Ndipo kucokera mu December 2022, pamene a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula cipata catsopano cimene maofesala a maiko onse awiri agwiriramo nchito pamodzi, ndiona kuti dalaivala akangolandira mapepala ace safuna kutaya ngakhale ola limodzi pa Mwami. Komatu tiyeni tikumbuke ulendo umene uli patsogolo pace. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 550. Mukapyola Nyimba muyamba mapiri a Kacholola, mutsikira ku mlatho wa Luangwa umene unamangidwa mu 1968, kenaka mukwera zitunda zazitali kulinga ku Rufunsa, lole ili yolemedwa, dzuwa la October likuswa mtengo. Lamba amene akulirayo ndiye azunguza fani, pampu ya madzi ndi alternator. Akaduka pa citunda, madzi aleka kuzungulira, injini iwira m'mphindi zocepa, gasiketi ipsa, mwina ndi mutu wa injini womwe upindika. Pamenepo mwini lole alipira ndalama zogulira malamba ambirimbiri, ndipo alimi amene ayembekeza feteleza mvula isanagwe angopenya kumsewu.

Tsono kulira kotere tikufufuza bwanji? Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Coyamba si sipanala ai, koma khutu. Dzifunseni kuti kodi injini ilira nthawi yanji. Ngati ilira mutangoiliza m'mawa ndi kuleka ikatentha, kapena mukayatsa nyali zonse, kawirikawiri lamba wakhwepa ndipo akuterereka pa puli ya alternator, cifukwa nthawi imeneyo alternator ilimbana ndi kubwezera moto mu batire ndipo ilemera kuizunguza. Ngati ilira mukapotoza ciongolero mpaka kumapeto, yang'anani pampu ya ciongolero ndi mafuta ace. Ngati kulira kubwera pokha-pokha mukaponda kilachi, lamba alibe mlandu: ndi bering'i ya kilachi imene yauma. Ndipo ngati mumva likhweru limene likula lole ikamakoka pa citunda, mphamvu n'kucepa, utsi wakuda n'kuculuka, funani paipi ya mpweya wa turbo imene yang'ambika kapena gasiketi ya ekizozi imene yapsa. Malo otere adziulula okha ndi mwaye kapena madontho a oilo m'mbali mwace.

Mukakhulupirira kuti phokoso licokera kutsogolo kwa injini, zimitsani, cotsani kiyi ndi kuiika m'thumba mwanu. Ici ndicinena mobwereza cifukwa ndinaonapo makanika wopanda zala ziwiri, mnzace ataliza injini osafunsa. Tsopano penyani lamba. Lamba wabwino sanyezimira. Ngati m'mbali mwace mwasalala monga mbale ya galasi, ngati ali ndi ming'alu kapena ulusi wayamba kutuluka, nthawi yace yatha. Ngati wanyowa ndi oilo kapena madzi a mu redieta, funani kumene kukudontha, pakuti lamba watsopano adzaonongekanso momwemo. Kanikizani ndi cala cacikulu pakati pa mapuli awiri otalikirana: lamba wa mtundu wakale uja wa V ayenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ngakhale kuti buku la lole yanu ndilo linena muyeso weniweni. Penyaninso m'ngalande ya puli. Lamba wa V agwira ndi m'mbali, osati ndi pansi; cotero ngati pansi pa ngalandeyo panyezimira, puli yadyeka, ndipo ngakhale mumange motani adzaterereka ndithu. Fumbi lathu la cilimwe kuno kum'mawa lidya mapuli monga citsulo conolera.

Pali kayesedwe kena kosafuna ndalama, kamene ndikakonda koposa. Injini ili kuyenda, imani patali ndi fani, malaya atapisidwa bwino, ndipo thirani timadzi pang'ono pa lamba ndi botolo lobowola pa citsekero. Kulira kukakula, lamba wakhwepa. Kukaleka kanthawi ndi kubweranso, kawirikawiri mapuli sanalunjikane, ina yatuluka pa mzere wa zinzace. Koma kukapanda kusintha konse, lekani kumnamizira lamba: mlandu uli ndi bering'i.

Ndimo mmene zinakhalira pa Mwami paja. Tinathira madzi, ndipo ngakhale kulira kwa pamwamba kunasintha, pansi pace panatsala phokoso lina louma, lokukuta, limene sopo analibisa masabata onsewa. Ndinauza dalaivala kuti azime. Tinamasula malamba, ndipo tinazunguza puli iri yonse ndi dzanja. Ya alternator inazungulira mosalala, yopanda mau. Koma titagwira ya pampu ya madzi ndi kuigwedeza, inasewera uku ndi uku, ndipo pansi pa pampuyo, pa kabowo kakang'ono kamene opanga anaika dala kuti kazicenjeza, panali mzere wa dzimbiri losonyeza kuti madzi akhala akudontha. “Nanga si cifukwa cace tithira madzi mu redieta masiku awiri ali onse,” anatero mnyamata uja, dalaivala n'kumyang'ana ndi diso lofiira.

Apa pali cinthu cimene amakanika a pansi pa mtengo acimwira kawirikawiri, ndipo ndiyenera kuwadzudzula ngakhale ali anzanga. Lamba akalira, iwo atenga citsulo cacitali, akankha alternator ndi mphamvu zao zonse, namanga lamba mpaka alira monga nsambo ya banjo. Phokoso litha, mwini lole akondwa, alipira. Koma lamba womangitsa akoka mapuli kosalekeza, ndipo bering'i ya pampu kapena ya alternator ifa msanga. Dalaivala uja anabvomera kuti mwezi wathawo munthu wina anammangira lamba motero pa garaji ina m'njira. Ena apaka oilo kapena mafuta a mabuleki. Amenewo aononga mphira, ndipo lamba afufuma ndi kufewa.

Eni malole atsopano asaganize kuti nkhaniyi siiwakhudza. Ambiri a malole amenewo ali ndi lamba mmodzi wamkulu wa mizere-mizere amene azunguza zonse, ndipo amangidwa ndi kapuli kokhala ndi sipuling'i kamene amakanika akacha tenshona. Lamba wotere simungammange ndi sipanala. Akalira, ndiye kuti sipuling'i yatopa, kapena bering'i ya kapuliko yauma, kapena mizere ya lambayo yadyeka, ngakhale ming'alu isaoneke. Ndipo popeza ali mmodzi yekha, akaduka zonse ziima nthawi imodzi. Kwa a malole akale a malamba awiri oyendera limodzi, lamulo ndi lakuti musinthe onse awiri tsiku limodzi. Mukasintha mmodzi, watsopanoyo asenza katundu yekha pamene wakale angokupiza. Lamba wa V watsopano atamuka pang'ono masiku oyamba, cotero muyeseninso mukafika ku Katete kapena ku Sinda.

Dalaivala uja anakhala cete nthawi yaitali, akuwerenga masiku m'mutu. Kenaka anaimbira foni mwini lole, ndipo ndinamva mbali imodzi cabe ya mkanganowo: “Iai bwana, si lamba... Ndaigwira ndi manja anga... Ngati mufuna ndipite, ndipita, koma mukatumize cokokera ku Luangwa.” Mau otsirizawa ndiwo anamasula cikwama. Mnyamata anakwera takisi kupita ku Chipata kukafuna pampu ndi malamba awiri ku masitolo a ku Down Shops, atatenga yakaleyo m'thumba la saka kuti akayerekeze, pakuti mapampu ofanana nkhope asiyana mabowo a mabauti. Anabwera dzuwa litapendeka. Pofika madzulo lole inalira ndi mau ace eni-eni, ndipo inanyamuka m'bandakuca wa tsiku lotsatira, itacedwa tsiku limodzi.

Sabata ya mawa tidzakamba za mabuleki a mpweya, ndi cifukwa cace muyenera kukhetsa madzi m'matanki ace musanatsike ku Luangwa.