Wapampando Alankhule Pomaliza

Misonkhano yathu ya bungwe la parishi timaidziwa bwino. Wapampando awerenga mndandanda wa nkhani, abambo awiri atatu atsutsana, kenaka tikweza manja dzuwa litapendeka. Amai amene adzatunge madzi oumbira njerwa za chalichi abwerera kwao osatsegula pakamwa. Tsono tidabwiranji pakabwera anthu asanu okha tsiku la nchito?

Mu Okutobala 2023, pa Sinodi ya ku Roma, malemu Papa Francis anakhazika makadinala, mabishopu, masisitere ndi akristu eni ake pamodzi, m'magulu ang'onoang'ono, pa matebulo ozungulira. Aliyense analankhula mphindi zocepa popanda womudula mau. Kenaka onse anakhala cete. Ulendo waciwiri munthu sanabwereze maganizo ake, koma ananena cimene camukhudza m'mau a mnzake. Atatero ndi pamene anayamba kumanga mfundo.

Njira imeneyi imadya nthawi, sitikana, ndipo si nkhani iliyonse imene imaifuna. Za kugula matsace, mlembi ndi msungicuma angamalize okha. Koma za copereka ca banja lililonse, tiyeni tizitumize kumiphakati, zikambidwe ngakhale mwezi wathunthu, ndipo pobwera nazo kubungwe, wapampando alankhule pomaliza.