Buku Limodzi Lingakwanire Mudzi

Pali mawu amene amvekamveka m'dziko muno kwa zaka zambiri, pa wailesi, m'manyuzipepala ndi pa misonkhano ya aphunzitsi, kufikira ambiri a ife tidawalandira monga choonadi chosafunikanso kuchiyesa: akuti Amalawi sakonda kuwerenga. Onena mawuwa amaloza nyumba zogulitsiramo mabuku zimene zidatsekedwa, kapena zidasanduka zogulitsiramo makope ndi zolembera. Amaloza ana a sukulu amene, mayeso a Fomu 4 akangotha, mabuku awo amakathera kwa amayi a mandasi ndi zitumbuwa kuti azikulungiramo malonda. Ndipo akatha kuloza amapukusa mutu. Kuti zimenezi zimachitika sinditsutsa, pakuti maso tili nawo tonse. Chimene ndikana n'chakuti mlanduwu udagamulidwa bwino, popeza oweruzawo adapita kukafuna munthu wodzitsekera m'chipinda ndi buku m'manja, ndipo atamusowa adati kuwerenga kulibe, osayamba afunsa ngati anthu a dziko lino adazolowerapo kulandira nzeru aliyense ali payekha.

Chandiutsa kuti ndigwire cholembera ndi kamwambo kamene kayamba kumera apa ndi apo m'mizinda yathu, ka anthu oyandikana nyumba amene amapangana tsiku limodzi pa mwezi, kawirikawiri Loweruka masana kapena Lamulungu mapemphero atatha, nasonkhana pa khonde la mmodzi wa iwo kuti akambirane za buku limene adasankha. Kamwamboka n'kabwino, ndipo amene adakayamba ayenera kuthokozedwa. Koma kadabwera kuchokera kunja ndi malamulo a kwawo, ndiwo akuti aliyense agule buku lake, akaliwerengere kunyumba, ndipo pa tsiku la msonkhano afike atalimaliza. Ku London lamulo lotere silisautsa munthu, popeza nyumba yobwereketsa mabuku ili pafupi ndipo magetsi sazimazima; koma kuno, kumene mtengo wa buku limodzi latsopano ungathe kudyetsa banja masiku angapo, kumenenso mayi amafika pakhomo dzuwa litalowa napeza mbaula ikumudikira, lamulo limeneli ndilo limapha gulu lisanakhwime. Mwezi woyamba amabwera onse. Wachiwiri ena amabwera asanawerenge nangoti zyolii ndi manyazi. Wachitatu amatumiza uthenga wakuti kumudzi kwagwa zovuta, ndipo otsalawo amayang'anana nati: taonani, si paja tidanena kuti anthu athu ndi mabuku n'zosayenderana?

Langizo langa si lachilendo ayi. Buku liwerengedwe mokweza pamsonkhano pomwepo. Mmodzi awerenge, ena atchere khutu, ndipo akatopa amulandire mnzake. Potero buku limodzi likwanira anthu khumi ndi asanu, palibe wobwera ndi ngongole ya masamba amene sadawerenge, ndipo khomo latseguka kwa agogo amene maso awo adachita mdima, ndi kwa mayi amene adalekezera Sitandade 3 kapena wangoyamba kumene sukulu ya kwacha.

Njira imeneyi ndiyo idalowetsa zolembedwa m'midzi yathu poyamba pomwe. Pamene amuna a dziko lino adali kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya fodya ya ku Rhodesia, kalata yofika pamudzi idali kuwerengedwa ndi kamnyamata ka pasukulu, mkazi wa mwini kalata, apongozi ndi ankhoswe atakazungulira, nakauza kuti kabwereze pamene sipadamveke, nakhala akukangana kufikira usiku ngati mawu akuti adzabwera mvula ikatha atanthauza chaka chino kapena cha mawa. Buku Lopatulika lomwe, limene lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922 pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri ya William Murray wa Mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi anzake, Azungu ndi eni chinenero, silidakhazikike m'mitima ya anthu chifukwa aliyense adali nalo lakelake. M'midzi yambiri lidali m'manja mwa mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo yekha. Komabe nkhalamba zimene sizidagwirepo sileti zidali kuidziwa nkhani ya Yosefe ndi abale ake kuposa ambiri a ife amene tili ndi Mabaibulo atatu pa shelefu. Ndipo m'bukumo momwemo timamva za Ezara mlembi, amene adaimirira pa nsanja nawerenga chilamulo pamaso pa amuna ndi akazi kuyambira m'mamawa kufikira usana, Alevi ali kutanthauzira khamulo kuti limvetse chowerengedwacho. Timamvanso za mdindo wa ku Itiyopiya, munthu wamkulu ndi wodziwa kuwerenga, amene adavomera pamaso pa Filipo kuti mawu a mneneri Yesaya adali kumupita pambali popanda wina womutsogolera.

Kapena wina adzati zimenezo zidali za masiku a umbuli, pamene odziwa zilembo adali owerengeka, ndipo munthu wophunzira wa lero safunikira kuwerengeredwa. Ameneyo akumbukire zimene zidachitika m'chaka cha 1970, pamene ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College, sukuluyo idakali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba, adayamba kukumana sabata ndi sabata kuti aziwerengerana ndakatulo ndi nkhani zimene adalemba, gulu limene lidadziwika ndi dzina lakuti Malawi Writers Group. Adali masiku oopsa: lamulo la 1968 lidali litapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa buku lililonse, ndipo munthu adali kucheuka asanatsegule pakamwa. Koma m'gulu limenelo mudadutsa Jack Mapanje, amene pambuyo pake adatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kuyambira 1987 kufikira 1991, mudadutsanso Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe, maina amene lero amatchulidwa kulikonse kumene anthu akamba za zolemba za dziko lino. Onsewa adali akatswiri a kuwerenga m'kachetechete. Chikhalirecho adaona kuti cholembedwa chimayesedwa m'khutu la mnzako, ndi kuti mawu obisika, amene wolemba sakadatha kuwanena poyera, amavundukuka bwino pamene anthu angapo awamvera limodzi. Akale adati nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Tsono gulu la pakhonde liwerenge chiyani? Pano ndiye pamene ndisiyana ndi abale anga ena, amene amayesa kuti buku loyenera kusonkhanirana ndi lokhalo lachokera kutsidya kwa nyanja, m'Chingerezi, ndipo dzina lake lamveka pa intaneti. Sindinyoza mabuku otero, ndipo nthawi yake idzafika. Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tili ndi Nthondo, buku la a Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limene lidatuluka mu 1933, nilipambana mphotho pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina lakuti Man of Africa. Anthu a ku Ulaya adaliwerenga zaka makumi asanu ndi anayi zapitazo, pamene zidzukulu za mlembiyo zambiri sizidalionepo n'chikuto chomwe. Tili ndi Mbiri ya Achewa ya a Nthara omwewo. Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a a John Gwengwe. Ntchito za Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu a a E.J. Chadza, Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a a Jolly Max Ntaba, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a a Willie Zingani. Ambiri a mabukuwa ndi aafupi, otheka kuwamaliza pa misonkhano iwiri kapena itatu, ndipo Chichewa chake chidalembedwa ndi anthu amene adakulira pa nthano za pamoto, kotero kuti chimakoma koposa chikatuluka pakamwa.

Vuto lake n'lakuti ena a iwo sapezekanso m'sitolo. Osindikiza mabuku, amene nawonso ali ndi ana owadyetsa, amathamangira buku lokhalo limene lili pa silabasi, popeza ndilo lili ndi msika wodziwika. Ndipo buku likangochotsedwa pa mndandanda wa mayeso limazimirira ngati kuti mlembi wake adalakwira dziko. Otsalawo ali m'mabokosi a aphunzitsi opuma ntchito, kumene chiswe ndi mphemvu zikuwawerenga usiku ndi usana. Gulu la pakhonde liyambire pamenepo: lipite mwaulemu kwa aphunzitsi akalewo, libwereke bukulo, ndipo koposa liitane mwini wake kuti adzakhale nawo, pakuti munthu amene adaphunzitsa buku zaka makumi awiri sabwera chimanjamanja.

Za kakambidwe kake, ndipempha chinthu chimodzi: pakhonde pasasanduke kalasi. Ambiri a ife tidadana ndi mabuku chifukwa tidakumana nawo atavala mayeso, tikufunsidwa kutchula mitu itatu ya nkhani ndi makhalidwe anayi a mpangankhani, ndipo chikwapu chili pambali. Pamsonkhano wa anansi buku lizengedwe monga umo akuluakulu amazengera mlandu pabwalo, aliyense apatsidwe mpata, mboni zimveke, ndipo chigamulo chisafulumire. Tengani nkhani ya Gwenembe, amene adapha mbale wake Sikusinja pa njira yobwerera kwawo chifukwa cha chuma chimene mnzakeyo adasonkhanitsa ku ntchito, mbalame n'kudzaulula chinsinsicho. Mwana wa sukulu adzayankha kuti nsanje ndi yoipa, nalandira malikisi ake. Koma ikani nkhani yomweyo pamaso pa mayi amene mwana wake mmodzi amatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg pamene wina adabwerako ndi chikwama chokha. Pamaso pa bambo amene adalimbirana munda ndi mphwake. Pamaso pa mnyamata wa kabaza amene akudziwa manyazi a kubwerera kumudzi wopanda kanthu. Mudzamva mafunso amene sali m'buku la aphunzitsi lililonse: kodi makolo adawalera mofanana anawa? Kodi mudzi umene umavinira wobwera ndi katundu, nuseka wobwera wopanda, ulibe gawo pa mwazi umenewu? Pa mafunso otere mwini digiri ndi agogo osadziwa kulemba dzina lawo amakhala pa mphasa imodzi, ndipo kawirikawiri agogowo ndiwo amatsiriza.

Walira mvula walira matope, ndipo misonkhano yotere ili ndi matope ake. Pali bambo wophunzira amene amayankha funso lililonse asanalimve, nayamba chiganizo m'Chichewa n'kuchimalizira m'Chingerezi, kufikira ena onse atseka pakamwa. Ameneyu apatsidwe ntchito yowerenga mokweza, kuti mawu ake athere m'buku. Pali mpikisano wa zakudya, umene umayamba ndi tiyi ndi mbatata kwa oyamba kulandira alendo, nufika pa mpunga wa nkhuku kwa achinayi, kotero kuti wachisanu, poona thumba lake, amadwala mwadzidzidzi; gulu lanzeru limapangana pachiyambi pomwe kuti kudzakhala mtedza kapena chimanga chokazinga basi. Pali buku lobwerekedwa limene limapita ndi mlamu wa wina ku Mchinji osabweranso. Ndipo pali nthenda ija idalowa m'dziko ndi misonkhano ya mabungwe, yakuti munthu asanakhale pansi afunse ngati pali alawansi. Wofunsa zotere auzidwe mwachifatse kuti wasokera khomo.

Ndikudziwa kuti ena adzanditchulira William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene atasiya sukulu m'masiku a njala ya 2001 ndi 2002 adapeza buku lotchedwa Using Energy m'kanyumba ka mabuku ka pa Wimbe, napanga makina a mphepo opangira magetsi. Adzati suyu adawerenga yekha? Indedi, ndipo dziko lililonse limabala anthu otero mmodzimmodzi. Koma ngakhale iyeyo, monga akusimba m'buku lake, adali ndi woyang'anira mabuku womuthandiza pa mawu ovuta a Chingerezi, ndi anzake omuthandiza kutola zitsulo. Ndiponso mtundu sungamange chizolowezi chake pa munthu mmodzi wodabwitsa. Chimene nkhani yake itiphunzitsa n'chakuti buku lidali pafupi, pamtunda woyenda pansi.

Pa chifukwa chimenechi ndipempha a National Library Service, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma, kuti aganizire zobwereketsa mabuku ku magulu a anansi monga gulu, mwezi wathunthu, mlembi wa gululo ndiye asaine; ndipempha osindikiza kuti, akamva magulu khumi akufunsa Nthondo, asayembekeze kuti a mayeso ayambe alamula. Anthu oti asonkhane alipo kale, pakuti amene amatha kusunga tsiku la banki m'khonde, la Mvano, la Chigwirizano ndi la mphakati osaphonya, sangalephere kusunga tsiku la buku. Chokhacho, posankha tsikulo apewe Loweruka la kumapeto kwa mwezi, limene maukwati, zinkhoswe ndi zoveka ziliza adalilanda kale. La pakati pa mwezi, pamene m'matumba mwauma ndipo palibe wopita kutali, ndilo lidzadzaza khonde.