Ku Taiwan zinyalala sizikhudza pansi

Mwezi watha kunyumba kwanga kudafika mlendo, msuweni wanga amene akuchita maphunziro mumzinda wa Taipei ku Taiwan. Adagona masiku awiri okha, koma nkhani zomwe tidacheza pakhonde paja zandisowetsa mtendere mpaka lero. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameneka kandimeta ine mphunzitsi.

Ambiri a ife dzina la Taiwan timalidziwa chifukwa cha chipatala chachikulu cha Mzuzu chomwe dzikolo lidatithandiza kumanga, komanso chifukwa cha ubale wa maboma athu womwe udayamba mu 1966 n'kutha pomwe Malawi adatembenukira ku China kumapeto kwa 2007. Koma za moyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu ake timadziwa zochepa. Ndi chilumba chodzadza ndi mapiri, kukula kwake sikukwana gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, koma mumakhala anthu oposa 23 miliyoni.

Msuweniyu adayamba ndi zoseketsa. Akuti anthu achikulire kumeneko akakumana nawe amafunsa kuti, "Kodi wadya?" Masiku oyamba iye ankayankha moona mtima kuti ayi, n'kumadikira mbale, osadziwa kuti ameneyo ndi moni chabe. Adaphunziranso kuti nsapato zimatsala pakhomo, ndipo timitengo todyera sutizika chilili mumpunga chifukwa timaoneka ngati zofukiza za pamaliro. Ndalama ya paukwati imaperekedwa mu envulopu yofiira, ya pamaliro mu yoyera, ndipo ukasokoneza ziwirizi walakwa kwambiri. Nambala 4 ambiri amaipewa popeza katchulidwe kake kamafanana ndi mawu otanthauza imfa. Sikuti zonse n'zokoma ayi. Adadandaula za utsi ndi phokoso la njinga zamoto, ntchito yoweruka usiku, ndi maso a anthu ena amene sadazolowere kuona munthu wakuda.

Koma chomwe chidandigwira mtima ndi nkhani ya zinyalala. Tsiku lina madzulo atangofika kumene, adamva nyimbo ikulira mumsewu ndipo adathamangira panja poganiza kuti kukubwera wogulitsa ayisikilimu. Adapeza anthu a m'dera lonse ataima m'mbali mwa msewu, aliyense thumba m'manja. Yomwe inkaimbayo inali galimoto yachikasu yotola zinyalala, ikuliza nyimbo ya Beethoven, katswiri wakale uja wa ku Germany. Itaima, aliyense adaponyamo yekha thumba lake. Pambuyo pake pankabwera galimoto ina yonyamula mabotolo, mapepala ndi zitini zoti zikapangidwenso zinthu zina. Zotsala za chakudya ankazikhuthulira m'migolo yakeyake.

Lamulo lake ndi loti zinyalala zichoke m'nyumba n'kulowa m'galimoto osakhudza pansi. Ku Taipei galimotoyi imabwera masiku asanu pa sabata, panthawi yodziwika, ndipo ikakupitirira umabwerera nalo thumba lako m'nyumba. Pamalo podikirirapo mpomwe anthu oyandikana amaonerana ndi kufunsana za ana ndi za matenda, monga amachitira amayi athu pamjigo kapena kuchigayo.

Msuweni wangayu akuti adauza mayi wachikulire amene amachita lendi m'nyumba yawo kuti, "Mayi, inu anthu a kuno mudabadwa aukhondo." Mayiwo adangoseka. Adamuuza kuti iwo ali mtsikana zinyalala zinkaunjikidwa m'makona a misewu, fungo lili guu, makoswe ali yakaliyakali. N'zoona ndithu, m'zaka za m'ma 1990 dzikoli linkanyozedwa ndi dzina loti chilumba cha zinyalala. Mafakitale adachuluka, anthu adayamba kugula zambiri, malo otayira adadzadza, ndipo m'madera ena anthu ankatseka misewu kukana kuti zinyalala zikatayidwe kwawo.

Zinthu zidasintha chifukwa cha malamulo ooneka aang'ono amene adagwiridwa mosalekeza. Chakumapeto kwa zaka zomwezo mzinda wa Taipei udaletsa kuunjika zinyalala m'misewu. Mu 2000 udalamula kuti zinyalala zizitayidwa m'matumba apadera ogula, kutanthauza kuti wotaya zambiri amalipira zambiri, pomwe mabotolo ndi mapepala osankhidwa bwino amatengedwa ulere. Pofika 2006 kusankhula zinyalala kudakhala lamulo m'dziko lonse. Thumba la ndalama likakhudzidwa munthu amaphunzira msanga. Komanso poti umataya anzako akuona, manyazi amagwira ntchito yomwe wapolisi sakadaitha.

Nzeru yomweyi akuti adaionanso m'sitolo. Ankadabwa kuona anthu akusunga malisiti ngati ndalama, ngakhale la botolo limodzi la madzi. Lisiti lililonse lili ndi nambala, ndipo miyezi iwiri iliyonse boma limachita mayere. Mphoto yaikulu imafika 10 miliyoni ya ndalama za kumeneko. Njirayi idayamba mu 1951 pofuna kuti ogula azifunsa okha lisiti, kuti wamalonda asazembe msonkho. Lero mlendo akaona amayesa ndi mwambo wa makolo.

Tsono apa mpomwe kalumo kaja kadafika pamutu panga. Ndidamufunsa kuti ana amaphunzira kuti zonsezi. Adati kusukulu. Tsiku lililonse pamakhala nthawi yoti ophunzira onse asese m'kalasi, akolope, apukute mazenera, atsuke zimbudzi ndi kusankhula zinyalala. Aliyense ali ndi malo ake, mwana wa dokotala ndi mwana wa wogulitsa mumsika chimodzimodzi.

Ndidayankha monyadira kuti ifenso ana athu amasesa. Iye adandifunsa kuti, "Achimwene, amene amatsuka zimbudzi pasukulu panu ndani?" Ndidakhala chete. Pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, amatsuka zimbudzi ndi amene wachedwa. Amatola mapepala ndi amene walongolola m'kalasi. Amakumba dzenje la zinyalala ndi amene wajomba. Ine ndemwe ndakhala ndikupereka zibalo zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo wophunzira wakhalidwe labwino amatha kumaliza Fomu 4 asadagwireko tsache la kuchimbudzi.

Taganizani zomwe mwana ameneyu watola pamenepo. Waphunzira kuti kutola chinyalala ndi ntchito ya wolakwa, ndipo munthu wolemekezeka sawerama. Akakula n'kukwera minibasi, amadya chimanga chootcha n'kuponya chitsononkho pazenera, jumbo n'kutsatira, mtima uli mbee, poti wotola adzapezeka. Ndiye timadabwa kuona ngalande za m'misika yathu zitatsekeka mvula yoyamba ikangogwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 idatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Zifukwa zake n'zambiri, kusowa kwa madzi abwino kukhala patsogolo, koma uve wa m'malo omwe timagulitsira ndi kudyera uli m'gulu lomwelo.

Sindikunena kuti tikagule galimoto zoimba. Kumudzi kuno ngakhale msewu woti galimotoyo idutse ndi wa mwayi, ndipo makhonsolo athu alibe chuma ngati cha Taipei. Tsiku losesa m'dziko lomwe boma lidakhazikitsa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, lidali ganizo labwino, koma tsiku limodzi pamwezi silingafafanize zomwe mwana amaona masiku ena onsewo. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Choncho teremu ino ndayamba ndi kalasi langa. Ndagawa malo onse, zimbudzi zomwe, kwa ophunzira onse mosinthana, ndipo dzina langa lili pamndandanda womwewo Lachitatu lililonse. Wochedwa ndikumupatsa chilango china, tsache ayi. Sabata yoyamba ana adaseka ataona aphunzitsi awo atanyamula ndowa, ndipo kholo lina lidabwera kudzafunsa chomwe mwana wake walakwa. Ndidalifotokozera kuti sadalakwe kanthu, yangokwana nthawi yake.

Aphunzitsi anzanga, nanga kwanuko tsache mumapatsa yani?