Za Iwo Amene Auza Odwala Chiwindi Kuti Aleke Mankhwala

Abale anga a kunsi kwa phiri, inu a ku Mua, a ku Golomoti ndi a ku Mtakataka, ndiri ndi mlandu ndi anthu ena a pakati pathu, ndipo ndifuna kuunena poyera. Mlanduwo ndi uwu: alipo anthu amene auza odwala nthenda ya chiwindi kuti aleke kumwa mankhwala amene anawapatsa ku chipatala. Ena atero kuti agulitse mabotolo ao a zitsamba. Ena atero m'dzina la pemphero. Enanso ndi abale eni eni a wodwalayo, amene amkonda ndithu, koma sadziwa chimene achita. Onsewa ndiwatsutsa, pakuti mau ao apha anthu.

Chaka chatha tinaika m'manda munthu wina wa m'mudzi mwathu, mlimi wa mpunga, atate wa ana anai. Dotolo anapeza m'mwazi wache kachirombo kotchedwa hepatitis B, naonanso kuti chiwindi chache chinayamba kale kuuma ndi zipsera; nampatsa mbulu umodzi wakumwa tsiku ndi tsiku. Anamwa zaka ziwiri, nanenepa, nalima munda wache monga kale. Tsiku lina pa msika anakomana ndi wogulitsa mankhwala a m'botolo, amene anamlonjeza kuti adzatsuka chiwindi chache m'masabata atatu, koma asasanganize ndi za ku chipatala. Analeka mbulu uja. Isanathe miyezi itatu maso ache anasanduka achikasu, mimba inatupa ndi madzi, nzeru zinayamba kusokonezeka. Ndipo pamene anamnyamula kumka naye ku chipatala, nthawi inali itapita. Pa maliro anthu ananong'onezana kuti anachita kumlodza. Ine nditi iai, palibe anamlodza. Chinamupha ndicho kuleka mankhwala.

Tiyambe tamva makhalidwe a nthendayi. Kachirombo ka hepatitis B kakhala m'mwazi ndi m'madzi ena a m'thupi. Kuno kwathu ambiri akatenga ali makanda, kwa amai ao pobadwa, kapena ali ana ang'ono. Ena akatenga pogonana, kapena pa lumo limodzi lotemera mphini anthu ambiri, kapena pa singano yobaira anthu awiri. Sikayenda m'nsima, kapena m'chikho cha madzi, kapena popatsana moni. Munthu wamkulu akakatenga, kawiri kawiri thupi lache likagonjetsa lokha. Koma mwa makanda 10 okatenga, ngati 9 akhala nako moyo wao wonse. Kalowa m'chiwindi, nikadya mwakachetechete monga chiswe chidya mzati wa nyumba. Zaka 20 kapena 30 munthu samva kanthu; pambuyo pache kwa ena chiwindi chiuma, kapena chigwidwa ndi khansa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linawerenga kuti m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachiromboka, ndipo oposa 1 miliyoni anafa nako chaka chomwecho.

M'dziko lathu la Malawi katemera wa nthendayi anayamba kuperekedwa kwa makanda m'chaka cha 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14 mwana atabadwa. Zipatso zache zaoneka. Anthu ophunzira anayeza mwazi wa anthu a ku Ndirande m'mzinda wa Blantyre, nasindikiza zimene anapeza m'chaka cha 2022: mwa akulu 100, ngati 5 anali nako kachirombo, koma mwa ana obadwa katemera atayamba, sanafike ngakhale mmodzi mwa 100. Chotero ana ali otchinjirizika. Otsala pa ngozi ndife akulu, amene tinabadwa katemera asanadze. Kwa ife chithandizo ndi mankhwala.

Si onse okhala ndi kachiromboka amene afunika mankhwala. Dotolo ndiye aweruza atayeza mwazi ndi kuona umo chiliri chiwindi. Amene afunika apatsidwa kawiri kawiri mankhwala otchedwa tenofovir, okha kapena pamodzi ndi lamivudine. Alipo enanso otchedwa entecavir. Tsono mvetsetsani apa, pakuti ndipo pagona mlandu wonse. Mankhwalawa sapha kachirombo konse. Akatsekereza kuti kasaswane. Mbeu yache itsala yobisala m'kati mwa chiwindi, kumene mbulu sufika kuti uizule. Inu olima mpunga m'chigwa cha Bwanje mudziwa moto wa m'mankhusu: pamwamba paoneka phulusa lozizira, koma pansi ulikunyeka, ndipo mphepo ikaomba uyakanso. Munthu akaleka mbulu, kachirombo kaswana msanga msanga. Asilikali a m'thupi adzuka kukathira nkhondo, ndipo bwalo la nkhondoyo ndicho chiwindi. Chiwindi cholimba chingapirire; chokhala kale ndi zipsera chingagweretu m'masabata ochepa. Umo ndimo anafera mnzathu uja.

Tsopano ndiyankhe mau a otsutsa, amodzi amodzi.

Oyamba ati, Taonani munthuyu wanenepa, agwira nchito, alibe chowawa. Amweranji mankhwala ngati wodwala? Ndiyankha kuti kunenepa kwacheko ndiyo nchito ya mbulu. Ndani agwetsa mpanda chifukwa mbuzi sizinalowe m'dimba chaka chino? Ndiponso nthendayi siweruzidwa ndi maso. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chiri m'chiwindi chidziwika ndi kuyeza mwazi, si ndi kuyang'ana masaya. Ena anamva kuti nthenda ya chiwindi ichira m'miyezi itatu. Zoona, koma imeneyo ndi ina, ya hepatitis C, imene iri ndi mankhwala ache oizuliratu m'masabata 12. Ya B siitero. Ambiri oyamba mankhwala ache amwa zaka zambiri, ena moyo wao wonse, ndipo woyenera kunena kuti lekani ndi dotolo yekha, amene adzayezabe mwazi miyezi yotsatira.

Achiwiri ati, Mankhwala amenewa ndi a Edzi. Munthu akaoneka nao, mudzi wonse udzamnena. Sindikana kuti tenofovir agwiranso nchito pa kachirombo ka HIV. Indedi ali m'mbulu umene ambiri a HIV m'dziko muno amwa tsiku ndi tsiku. Koma khasu limodzi lilima chimanga ndi thonje lomwe, ndipo palibe anena kuti chimanga ndi thonje. Ndipo ngakhale munthu akhale ndi HIV, kodi ndi mlandu kumwa mankhwala? Manyazi amenewa ndi opusa, ndipo alikutuma amuna ambiri kubisa botolo kudenga ndi kudumphitsa masiku pakabwera alendo. Chofunika pa nkhani iyi ndi china: munthu ayezetse HIV asanayambe mankhwala a chiwindi, pakuti ngati ali nako osadziwa, tenofovir yekha sakwanira, ndipo HIV idzaphunzira kumpirira. Ndiponso iye amene ali ndi tizirombo tonse tiwiri adziwe kuti akaleka mankhwala ache a HIV, wamasula nthenda ziwiri tsiku limodzi. Ndipo akafuna kumsinthira mankhwala, akumbutse dotolo za chiwindi chache.

Achitatu ati, Mibulu ya ku chipatala iononga impso, koma zitsamba ndi zolengedwa, zilibe choipa. M'mau awa muli choona pang'ono ndi bodza lalikuru. Choona ndi ichi, kuti tenofovir atha kulemetsa impso ndi kufewetsa mafupa mwa anthu ena, makamaka okalamba, odwala shuga ndi othamanga mwazi. Chifukwa chache dotolo ayeza impso poyamba, nabwereza nthawi ndi nthawi, ndipo akaona chobvuta achepetsa muyeso kapena asintha mankhwala. Ngozi yodziwika iri ndi mlonda wache. Nanga botolo la pa msika aliyeza ndani? Muli chiani m'menemo, ndipo muyeso wache ndi wotani? Chiwindi ndicho chisefa zonse zimene timeza. Kuchithira madzi osadziwika chiri chodwala ndiko kusenzetsa katundu munthu wothyoka msana. Mwabvi nawonso ndi mtengo wolengedwa, koma unatha makolo athu ambiri. Sindinyoza asing'anga onse, pakuti alipo oona mtima amene atumiza wodwala ku chipatala akaona maso achikasu. Amene ndimtsutsa ndi uyo anena kuti, Leka za ku chipatala.

Achinai ati, Wapempheredwa, wachira. Kumwabe mankhwala ndiko kukaika. Kwa awa ndinena mwaulemu, koma mosabisa. Pempherani ndithu ndi wodwala, mumtonthoze, mumperekeze. Koma ngati mukhulupirira kuti wachira, muopanji kumtumiza akayezedwe mwazi? Choonadi sichiopa muyeso. Iye amene alamulira munthu kutaya botolo lache, nabweranso kudzayimba pa maliro ache, adzifunse mumtima mwache za mwazi wa mbale wache.

Kwa inu akumwa mankhwalawa, gwirani izi. Imwani mbulu wanu tsiku liri lonse pa nthawi imodzi. Mukaiwala, imwani pamene mwakumbuka tsiku lomwelo. Koma musamwe iwiri mawa lache kuti mubwezere. Musadikire botolo lithe: pitani kukatenga ena masiku akalipo, makamaka dzinja likayandikira, pamene mitsinje yotsika ku mapiri a Dedza idzala nitseka njira. Asodzi opita kukagona ku nyanja, ndi inu opita kukafuna nchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, nyamulani okwanira pamodzi ndi buku lanu la ku chipatala, nimufunsiretu kumene mukatenge ena. Musagawire mnzanu mbulu wanu. Kachasu ndi mowa uli wonse muleke, pakuti ndiwo nkhuni pa moto uja. Mankhwala a zowawa monga ibuprofen ndi diclofenac musamwe masiku ambiri osafunsa, pakuti alemetsa impso. Safunsa anadya phula. Mtedza ndi chimanga zochita chuku mutaye, pakuti ululu wa chuku ukakomana ndi kachiromboka ufulumiza khansa ya chiwindi. Ndipo popeza tikhala m'dziko la madambo ndi nyanja, yezetsani likodzo, pakuti mtundu wache wina uononganso chiwindi, ndipo uli ndi mankhwala ache. Mukaona maso achikasu, mkodzo wakuda, mimba yotupa, kusanza mwazi kapena tulo tosadziwika, thamangani ku chipatala tsiku lomwelo.

Tengani akazi anu, amuna anu ndi ana anu akayezedwe. Amene alibe kachirombo afunse za katemera. Mai wapakati amene ali nako auze anamwino msanga, pakuti tizirombo tikachuluka m'mwazi wache apatsidwa tenofovir kuti atchinjirize mwana, ndipo mwanayo afunika katemera msanga atabadwa.

Kwa akulu oyang'anira zipatala ndiri nawonso mau. Sitingauze munthu kuti asaleke mankhwala, ife tikumbweza chimanjamanja atayenda mtunda wautali. Mbulu uwu ukasowa pa shelefu mwezi umodzi, ngozi yache ifanana ndi ya uja waleka dala. Amene ayambitsa munthu mankhwala otere asenza mangawa a kuwasunga osatha, ndi kumfotokozera m'chinenero chache, asanamwe mbulu woyamba, chimene chidzachitika akaleka. Mafumu nawonso asalole pa misika yao munthu wofuula kuti achiza chiwindi m'masabata atatu.

Kupirira kotere si kwachilendo kuno. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1927 anatsegula malo osamalira odwala khate. Pamene mankhwala a khate anadza pambuyo pache, odwala anali kumwa zaka ndi zaka. Oleka pa njira nthenda inawabwerera, opirira anasunga zala zao, kufikira anadza mankhwala ophatikiza amene anafupikitsa nthawi. Leronso anthu ophunzira m'maiko ambiri alikufunafuna mankhwala ozuliratu hepatitis B. Kufikira tsiku limene adzafika m'zipatala zathu, nchito yathu ndiyo kusunga chiwindi chamoyo, kuti akadzafika adzatipeze tilipo. Chotero mukamva munthu, kaya ndi wamalonda, kaya ndi mlaliki, kaya ndi amalume anu, alikuuza wodwala kuti aleke mbulu wache, musakhale chete chifukwa cha ulemu. Mfunseni pamaso pa onse kuti, Chiwindi chikagwa, mudzampatsa chanu kodi?