Khoma lobiriwira la makanema: penti wotchipa akwanira, bola asanyezimire

M'mashopu a hadiweya ku Limbe, ku Area 2 mu Lilongwe ndi ku Mzuzu mwayamba kufika makasitomala a mtundu wina. Amalowa foni ili m'manja, n'kuonetsa chithunzi cha khoma lobiriwira kwambiri, ati akufuna penti wa mtundu umenewo ndendende. Ena ndi oimba, ena ali ndi situdiyo yojambulira zithunzi, ena ndi amayi ogulitsa kaunjika pa Facebook ndi TikTok amene atopa kujambula madiresi njerwa zikuonekera kumbuyo. Khoma lobiriwiralo, mapulogalamu ngati CapCut ndi KineMaster amalifufuta, m'malo mwake n'kuikapo nyanja kapena sitolo yapamwamba.

Wogulitsa wosadziwa ntchito ya khomali amathamangira chitini cha gulosi wobiriwira, uja wopaka zitseko ndi mafelemu a mawindo. Apo ndiye wamupweteka kasitomala. Gulosi amabweza kuwala ngati galasi. Pamene pagunda getsi, kamera imaona choyera osati chobiriwira, ndipo pulogalamu imasiya zigamba mbali zonse za munthu. Kasitomala wotere sabweranso, ndipo amauza anzake. Penti woyenera ndi wa madzi, PVA, amene pachitini alemba kuti "matt". Ngakhale wolembedwa "silk" kapena "sheen" asiyidwe pashelefu, chifukwa naye amanyezimira pang'ono.

Kunja kuli penti wopangidwira ntchito yomweyi, monga wa kampani ya Rosco. Ndi wabwino, palibe angatsutse. Koma ngwochokera kutali, amalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wotere sali wa munthu wojambula ndi foni m'chipinda cha lendi. Ndalama imeneyo ikanagula mababu, omwe ndiwo amasintha chithunzi kuposa dzina la pachitini.

Pa kusankha mtundu ndi pamene anthu amataya nthawi yambiri. Mtundu umene akatswiri amatchula kawirikawiri ndi Pantone 354 C, pakompyuta manambala ake ndi 0, 177, 64. Amene ali pafupi ndi shopu yokhala ndi makina osakaniza mitundu angapite ndi nambala imeneyo, apemphe woyandikana nayo pa tchati. Kufananiza ndi chithunzi cha pafoni n'kudzinamiza, pakuti foni iliyonse imaonetsa mtundu mwa iyo yokha, komanso zimadalira mmene mwini wake waikira kuwala. Chosangalatsa n'chakuti pulogalamu safuna nambala yeniyeniyo. Munthu amagunda pakhoma ndi chala, iyo n'kufufuta mtundu umene wagundawo. Chofunika n'chakuti kubiriwira kukhale kwamphamvu, kosapendekera ku chikasu kapena ku buluu, ndipo kukhale kumodzimodzi kuchokera pakona kufika pakona. Kubiriwira anakusankha chifukwa kuli kutali ndi mtundu wa khungu la munthu, woyera kapena wakuda, komanso makamera ambiri a masiku ano ali ndi timaso toona mtundu wobiriwira kawiri kuposa toona wofiira kapena wabuluu.

Njira yachidule imene ambiri amaikonda, yothira okusaidi wobiriwira wa pansi uja mu PVA woyera, imapereka mtundu wakufa ngati tsamba lofota. Timabotolo ta sitena nato timathandiza pang'ono chabe: mu penti woyera mumatuluka kubiriwira kotumbuluka, kokongola m'chipinda chogona koma kofooka pa kamera. Mtundu wamphamvu umafuna penti wosakanizira mitundu yakuda bii, osati woyera wamba, ndipo wa pamakina amadziwa zimenezi akafunsidwa.

Asanagule chitini chachikulu, wogula atenge pang'ono, apake pakatoni kawiri, ziume. Penti akauma amasintha mtundu. Kenako aimike katoniyo pamalo pomwe padzakhale khomalo, ayatse magetsi omwe azidzagwiritsa ntchito, ajambule dzanja lake ndi foni, ayese kufufuta. Mphindi khumi zimenezi zimaposa mkangano wa tsiku lonse pakauntala. Wogulitsa wochenjera atha kukhala ndi makatoni otere opakapaka kale m'shopu, kasitomala n'kuyeseratu pomwepo.

Kuchuluka kwake n'kosavuta kuwerengera. Khoma la mamita 3 m'litali ndi 2.5 m'mwamba ndi masikweya mita 7.5. Lita imodzi ya PVA imapaka pafupifupi masikweya mita 8 mpaka 10 ulendo umodzi, malinga ndi kusalala kwa khoma, ndipo pamafunika maulendo awiri kapena atatu. Chitini cha malita 5 chikwanira, ndipo wotsalayo asungidwe wokonzera pomwe padetsedwa. Onse agulidwe tsiku limodzi. Zitini ziwiri zosakanizidwa masiku osiyana sizifanana kwenikweni. Diso silingaone, koma kamera imaona. Zikakhala ziwiri, zithiridwe m'ndowa imodzi n'kutakasa. Ndipo chizolowezi chochulukitsa madzi kuti penti atalike, pano chimangobala mizeremizere.

Khoma lenilenilo likhale losalala. Pulasitala watsopano ayambe wauma, laimu wakale apalidwe, ming'alu itsekedwe, papite penti woyera wapansi, kenako wobiriwirayo ndi rola osati burashi. Wokhala m'nyumba ya lendi, yemwe alandilodi sangamulole kusintha khoma, apake pa bolodi ya siling'i kapena pulayiwudi. Posamuka anyamula.

Pali chinthu chimodzi chomwe wogulitsa ayenera kumuuza kasitomala ngakhale sichimulowetsera kanthu m'thumba: madandaulo ambiri amene amagwera penti gwero lake ndi kuwala. Babu limodzi lapadenga limasiya pakati powala, m'mbali muli mdima. Pamafunika awiri ofanana, lina uku lina uku, ndipo babu lachikasu lisasakanizidwe ndi loyera. Wojambulidwa aime mita ndi theka kapena mamita awiri kuchokera pakhoma, kuti mthunzi wake usagwerepo komanso kubiriwira kusamuwalire m'masaya ndi m'tsitsi. Amayi a kaunjika aja akumbukirenso kuti diresi lobiriwira, kapena chitenje cha masamba, chidzafufutika pamodzi ndi khomalo. Katundu wa mtundu umenewo ajambulire pa nsalu yabuluu.